Tonse timangoti nkhono

Mwezi wa Okutobala chaka chatha mipopi ya kumene ndimachita lendi inatha masiku atatu osadontha. Tsiku lachitatu ndinatenga ndowa n'kutsatira amayi ena a m'dera lathu ku kasupe wa m'munsi mwa phiri, pamene madzi amatuluka pansi pa mwala n'kudzaza kadzenje kamene anthu anakakuza ndi khasu. Ndinatunga, ndinasenza, ndinafika kunyumba khosi likuwawa. Madziwo atadikha ndinaona kanthu kakuda pansi pa ndowa, kukula kwake ngati njere ya mapira. Ndinkayesa kamwala. Kenako kanayamba kukwera m'mbali mwa ndowayo.

Ndinakaika pa chivundikiro n'kukaonetsa mayi amene timakhala nawo mumpanda umodzi. Anangoyang'ana kamodzi. "Achemwali, tayani madzi onsewo. Imeneyo ndi nkhono ya likodzo." Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anaseka, akuti madzi a pa kasupe ndi oyera kuposa a mumpopi, nkhono za likodzo zili ku Chilwa. Onse awiri ankayankhula motsimikiza, koma panalibe amene anakayang'anitsitsa kankhonoko. Ine, wa chaka chachitatu pa yunivesite, ndinangoti kakasi. Madziwo sindinataye (ndani angataye ndowa imene wayenda nayo mtunda wonse uja?), koma tsiku limenelo sindinasambe.

Kuchokera pamenepo ndakhala ndikuwerenga za nkhono kuposa mmene ndimawerengera za mayeso anga. Ndafika poona kuti kusiyanitsa nkhono za m'madzi athu ndi luso loyenera kukhala la munthu wamba, osati la akatswiri okha, ndipo ife amene timaphunzira zilankhulo, mbiri ndi chikhalidwe tili ndi mbali yathu pa ntchitoyi.

Taganizani za bowa. Mvula ikagwa, amayi amene amagulitsa bowa m'mbali mwa msewu wokwera phiri la Zomba sanena kuti "bowa" basi. Pali utale, pali manyame, pali ndelema, pali nyonzwe, ndipo mwana wa zaka khumi amadziwa wosayenera kuuika mumphika. Msodzi wa ku Kachulu sasokoneza makumba ndi mlamba kapena matemba. Palibe anawaphunzitsa m'kalasi. Mayinawo alipo chifukwa kulakwitsa kumapha kapena kumagonetsa ndi njala. Koma tikafika pa nkhono, ambirife tili ndi dzina limodzi lokha. Chinkhono chachikulu chimene chimayenda pa khonde mvula ikakata, nkhono. Kakang'ono ka m'ngalande za mpunga ku Likangala, nkhono. Kam'ndowa yanga kaja, nkhono. Pamene dzina lili limodzi, munthu amachita chimodzi mwa ziwiri: amaziopa zonse ngati mayi aja, kapena saopa iliyonse ngati mnzanga uja.

Chimene chinandidabwitsa poyamba kuwerenga n'chakuti kuli anthu amene moyo wawo wonse amathera pa tinkhono ta mu akasupe. Ku Germany, Switzerland ndi Austria kuli tinkhono ta mtundu wa Bythiospeum timene timakhala m'madzi a pansi pa nthaka, m'ming'alu ya miyala ya laimu kumene dzuwa silifika. Sitiona, n'toyera mbuu, ndipo kutalika kwake ndi mamilimita awiri kapena atatu. Kawirikawiri anthu satipeza tamoyo. Amapeza tizigoba tokha titakokoloka ndi madzi n'kutulukira pa kasupe mvula yamphamvu ikagwa, ndiye amasefa mchenga n'kutiyang'ana pa maikulosikopu. Kwa zaka zoposa zana akatswiri ankapereka mayina potengera maonekedwe a chigoba, mwakuti pafupifupi dera lililonse linali ndi mtundu wakewake. Atayamba kuyeza DNA ya tamoyo tochepa timene anatha kugwira, anapeza kuti mayina ambiri a ku Germany anali a mitundu yochepa chabe. Chigoba chinawanamiza. Ku America, m'chigawo cha Missouri, kuli kankhono kotchedwa Antrobia culveri kamene kamapezeka m'phanga limodzi lokha, la Tumbling Creek, dziko lonse lapansi. Kanatsala pang'ono kutheratu matope ochokera m'malo oguga a pamwamba atayamba kulowa m'madzi a m'phangamo, ndipo mu 2002 boma la dzikolo linakaika pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi.

Nditawerenga zimenezo ndinayang'ana phiri lathu ndi maso ena. Phiri la Zomba ndi thanki ya mzinda uno. Mtsinje wa Mulunguzi umayambira pamwamba pake, umadzaza damu limene timamwako, kenako umatsika n'kukathira mu Likangala, amene amakathera ku Chilwa. Domasi nayenso amachokera m'mapiri omwewa. Kupatula mitsinje yodziwikayi pali akasupe ndi timakwawa tosawerengeka m'mbali monse mwa phiri, ndipo ndi kumene anthu amathamangira mipopi ikauma. Aliyense wokhala ku Zomba waona mmene mitengo yathera m'malo ambiri ndi mmene moto umayakira usiku m'mwezi wa Seputembala ndi Okutobala. Kasupe akakwiririka ndi dothi, chilichonse chimene chinkakhala mmenemo chimapita naye.

Komabe ndisakokomeze. Zomba si Germany. Mwala wa phiri lathu ndi wa syenite ndi granite, wolimba, wopanda laimu wambiri, pamene nkhono imafuna laimu kuti iumbe chigoba chake. Madzi a pamwamba pa phiri, limene nsonga yake imapitirira mamita 2,000, ndi ozizira ndiponso othamanga, zimene nkhono za likodzo sizikonda. Ndikanakhala kuti ndikufunafuna tinkhono tosaona tija, ndikanayambira kuseri kwa phiri, ku Changalume, kumene kuli miyala ya laimu imene kale inkakumbidwa popangira simenti. Koma nkhani yathu yaikulu ili m'munsi, pamene madzi a kasupe atuluka, afunda, adikha m'kadzenje kapena m'dimba, ndere zamera, ndipo ana ayamba kusewera.

Likodzo silidutsa kuchoka kwa munthu kupita kwa munthu popanda nkhono. Munthu wodwala akakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi, mazira a nyongolotsi amaswa, ndipo tizilombo timene tatulukamo timasaka nkhono. Sitilowa mu nkhono iliyonse. Likodzo la m'chikhodzodzo, lija lokodzetsa magazi, limafuna nkhono za mtundu wa Bulinus. Likodzo la m'matumbo limafuna Biomphalaria. Tizilomboti timaswana m'kati mwa nkhonoyo kwa mwezi umodzi kapena kuposerapo, kenako timatuluka tambirimbiri, makamaka masana, n'kuboola khungu la aliyense amene waponda m'madzimo. Theodor Bilharz anaona nyongolotsizi ku Cairo mu 1851, koma panapita zaka zoposa 60 anthu asanadziwe njira yake. Anthu a ku Japan anaipeza mu 1913, mu kankhono kosafika ndi sentimita imodzi yomwe, ndipo Robert Leiper anatsimikiza za mitundu ya ku Africa ali ku Egypt mu 1915. Chinachedwetsa zonse chinali funso lomwe lija la pa chivundikiro cha ndowa yanga: nkhono yake iti?

Chosangalatsa n'chakuti poyambira pake ndi posavuta. Gwirani chigoba nsonga yake iloze kumwamba, khomo lake likupenyeni. Ngati khomolo lili kudzanja lanu lamanzere ndipo chigobacho n'chofufuma ngati kamphika, mwina mwagwira Bulinus. Ngati chigoba n'chaphwatalala, chozungulira ngati nkhata yosenzera mtolo, imeneyo ikhoza kukhala Biomphalaria. Ngati khomo lili kumanja ndipo chigoba n'chopyapyala, chokhala ndi khomo lalikulu, ndiye kuti ndi ya gulu la Lymnaea, imene sipereka likodzo kwa anthu koma imasunga nyongolotsi zoononga chiwindi cha ng'ombe ndi mbuzi. Yaitali yosongoka ngati msomali, yokhala ndi kachitseko kotsekera khomo ikabisala, ndi Melanoides. Chachikulu chija cha m'madambo, chimene zigoba zake zimachita mbwee madzi akaphwa, ndi Lanistes. Nacho khomo lake lili kumanzere, koma chili ndi kachitseko, pamene Bulinus alibe. Zimenezi munthu angaphunzire masana amodzi. N'zosavuta kuposa mayina a mafumu a ku Maravi amene tinaloweza pokonzekera mayeso.

Wina anena kuti, kodi si iwe wemwe wangotiuza kuti chigoba chinanamiza akatswiri a ku Germany? Inde, ndipo kunonso chimanamiza. Pali nkhono ina yochokera kunja, Physa acuta, imene yafalikira m'mayiko ambiri a mu Africa. Khomo lake lili kumanzere ngati Bulinus, koma sipereka likodzo. M'banja la Bulinus momwemo muli globosus, imene ndi gwero lalikulu la likodzo m'madambo ndi m'mitsinje yathu, komanso muli tropicus, imene kawirikawiri sisunga tizilombo ta likodzo la anthu. Kusiyanitsa zina mwa izi kumafuna kung'amba nkhonoyo kapena kuyeza DNA. Ndiponso nkhono ikhoza kukhala ya mtundu woopsa koma yopanda tizilombo. Akatswiri amaiika m'kabotolo ka madzi oyera pa kuwala n'kudikira kuti aone ngati mutuluke timichira tamphanda. Choncho diso la munthu wamba silimaliza mlandu. Koma limatha kunena kuti "apa pali kanthu kachilendo, bwerani mudzaone", ndipo mbiri ya nyanja yathu ikusonyeza kuti mawu amenewo ndi amene akhala akuchedwa.

Kwa nthawi yaitali alendo ankauzidwa kuti Nyanja ya Malawi ilibe likodzo. Mu 1992 anthu awiri a ku America ogwira ntchito yodzipereka ya Peace Corps anadwala kwambiri, likodzo litawafika mu ubongo ndi mumsana, atasambira ku Cape Maclear. Kafukufuku amene anatsatira anatsimikiza kuti matendawa alimo m'nyanjamo. Ngakhale pamenepo anthu ankaganiza kuti vuto lili m'malo a bango ndi m'matamanda, kumene Bulinus globosus imakonda. Mu 2001 Henry Madsen ndi anzake anasonyeza kuti nkhono ina, Bulinus nyassanus, imene imakwiririka mumchenga wa m'magombe oyera, opanda ndi udzu womwe, nayonso imafalitsa likodzo. Ofufuza omwewo, pamodzi ndi Jay Stauffer, anagwirizanitsa kuchuluka kwa nkhonoyi ndi kuchepa kwa nsomba zodya nkhono chifukwa cha usodzi wopyola muyeso. Kenako kumapeto kwa 2017 gulu la ofufuza, mmene munali Amalawi monga Peter Makaula ndi Sekeleghe Kayuni pamodzi ndi anzawo a ku Liverpool School of Tropical Medicine, linapeza Biomphalaria pfeifferi m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, kumene sinkadziwika kale. Chaka chotsatira anayeza ana a sukulu n'kupeza likodzo la m'matumbo, matenda amene panalibe ankawafunafuna kumeneko. Kankhono kophwatalala kaja n'kamene kanaulula.

Ndimadzifunsa kuti kankhata kameneko kanaonedwa ndi anthu angati ofufuzawo asanafike. Amayi otsuka mbale, ana owedza, asodzi okoka makoka, onsewo amaponda m'madzi amenewo tsiku ndi tsiku. Akanakhala ndi dzina lake, akanadziwa kuti ndi kachilendo.

Mnzanga wina wophunzira zachuma anandiseka nditamufotokozera. Akuti dziko limene likuvutika kupeza mankhwala m'zipatala lilibe nthawi yowerenga nkhono, ndipo mankhwala a likodzo, praziquantel, amagawidwa kale m'masukulu. Mfundo yake ili ndi mutu. Mankhwalawo apulumutsa ana ambiri ndipo ndikanauzidwa kusankha chimodzi, ndikanasankha mankhwala. Koma praziquantel amapha nyongolotsi zimene zili m'thupi lero. Mwana akamwa Lachiwiri n'kukasambira pa dziwe lomwelo Loweruka, nkhani yayambiranso. Bulinus globosus imatha kudzikwirira m'matope chilimwe chonse n'kudzuka mvula ikagwa, choncho ngakhale dziwe louma silinathe nazo. N'chifukwa chake bungwe la WHO, pa malangizo ake a mu 2022, linati pambali pa kugawa mankhwala mayiko asamalirenso za madzi, zimbudzi ndi nkhono zenizenizo. Apa m'pamene kudziwa mtundu kumasanduka nkhani ya ndalama, chilankhulo chimene mnzangayo amamva. Mankhwala ophera nkhono, niclosamide, ndi odula ndipo amaphanso nsomba ndi achule. Simungawathire mu Likangala yense. Muyenera kudziwa dziwe lenileni, ngalande yeniyeni, mwezi weniweni. Amene angakuuzeni zimenezo ndi munthu wokhala pomwepo.

Ku Uganda anayesa kale. Pa ntchito yotchedwa ATRAP, yunivesite ya Mbarara University of Science and Technology mogwirizana ndi nyumba yosungira zakale ya ku Tervuren ku Belgium anaphunzitsa anthu wamba a m'midzi ya kufupi ndi Nyanja ya Albert kuvuula nkhono, kuzisanja m'magulu ndi kutumiza zithunzi pa foni. Sanali madokotala. Anali anthu okhala ndi nsapato za jombo, chovuulira ndi foni, amene amapita pa madooko omwewo mobwerezabwereza, chinthu chimene katswiri wochokera kutali sangakwanitse.

Tsono ife a maphunziro a zilankhulo ndi mbiri tikulowapo pati? Tayang'anani mayinawo. Bulinus nyassanus inatchulidwa dzina mu 1877 ndi Edgar Albert Smith, amene ankagwira ntchito ku British Museum ku London. Alexander Whyte, amene Harry Johnston anabwera naye kuno mu 1891, ankatolera zomera, nyama ndi nkhono m'mapiri a Zomba ndi Mulanje n'kumatumiza ku Britain, ndipo mpaka lero mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, umatchedwa Widdringtonia whytei. Amene ankamulondolera njira ndi kusenza mabokosi ake mulibe m'dzinalo. Sindikunena izi pofuna kudandaula za atsamunda, nyimbo imene timaikonda kwambiri m'makalasi athu. Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo popanda buku la David Brown lonena za nkhono za m'madzi a mu Africa, limene linatuluka mu 1980 n'kukonzedwanso mu 1994, sindikanadziwa ndi kumanzere komwe. Chimene ndikunena n'chakuti nzeru imeneyi inalembedwa m'Chilatini ndi m'Chingerezi, inasungidwa kutali, ndipo amene amaponda m'madziwo sinawafike. Kuifikitsa ndi ntchito ya mawu. Wa biology angakuuzeni kuti iyi ndi globosus. Kupeza dzina limene agogo a ku Chisi angaligwire n'kuuza mdzukulu wawo, imeneyo ndi ntchito yathu.

Ndipo tisayambe ndi kupeka. Tiyambe ndi kufunsa. Chaka chilichonse timatumizidwa m'midzi kukajambula nthano, miyambi ndi nyimbo za pamtondo. Bwanji osatenga mbale ya zigoba zosiyanasiyana n'kukakhala pansi ndi asodzi a ku Chilwa, alimi a mpunga a ku Domasi, amayi ochapa pa Mulunguzi, n'kuwafunsa m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chilomwe kuti iyi mumati chiyani, iyi imapezeka liti, iyi ana mumawaletsa? Pamene dzina lilipo, tililembe. Pamene palibe, tigwirizane limodzi. Centre for Language Studies, imene inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, ili mumzinda mommuno. National Herbarium and Botanic Gardens, kumene amasunga zomera zouma ndi mayina ake, ili mommuno. National Archives ili mommuno. Ndi mizinda yochepa m'dziko muno imene ili ndi phiri, nyanja, yunivesite ndi nyumba zosungira zinthu pamtunda woti munthu n'kupalasa njinga. Ine pandekha, m'kope langa, ndayamba kulemba "yamanzere", "kankhata" ndi "kamsomali". Ndi mayina anga ongogwirizira, ndipo ndidzawasiya mosangalala tsiku limene wina adzandiuze abwino.

Amene mukufuna kuyesa, chonde musagwire nkhono za m'madzi ndi manja, ndipo musalowe m'madzi odikha opanda jombo. Ine ndimagwiritsa ntchito sefa ya tiyi yomangirira ku kamtengo ndi supuni yakale. Ikani nkhonoyo pa mbale yoyera pafupi ndi rula, jambulani mbali ya khomo ndi ya kumsana, lembani malo ndi tsiku. Musajambule ndi kamera yakutsogolo ija ya selfie, chifukwa mafoni ambiri amatembenuza chithunzi, manja n'kukhala manzere, ndipo mudzaipezera mlandu nkhono yosalakwa. Ndinaphunziranso kuti tizilombo ta likodzo sitikhalitsa tikatuluka mu nkhono. Madzi amene akhala m'ndowa masiku awiri, mulibe nkhono, kapena amene mwawatenthetsa bwino, mukhoza kusamba. Akumwa ndi nkhani ina. Amenewo wiritsani kapena thiranimo klorini, kolera wa 2022 ndi 2023 sitinamuiwale.

Kam'ndowa kaja ndinakajambula tsiku lomwelo ndisanakataye m'maluwa, ndi kamera yakumbuyo mwamwayi. Chithunzicho n'chosaoneka bwino, koma khomo lili kumanja. Sikanali Bulinus. Mvula itatha, mu Epulo, ndinabwereranso ku kasupe uja ndi sefa yanga. Pa diso lenileni la kasupe, pamene madzi amatuluka ozizira pansi pa mwala, ndinasefa mchenga kasanu osapeza kanthu. Ndinatsika mapazi ngati makumi awiri, pamene madziwo amadikha pafupi ndi dimba la masamba, pomwe ana atatu ankatsuka mapoto miyendo ili m'madzi. Pansi pa tsamba la nthochi lovunda ndinapeza zinayi, zofufuma, zopanda kachitseko. Ndinazitembenuza ndi supuni imodziimodzi. Zonse makomo kumanzere.

Zithunzizo ndinapatsa mnzanga wa biology kuti akaonetse aphunzitsi ake, ndipo ndinauza amayi a anawo zimene ndinaona. Madzulo ndinawaonetsa mayi a mumpanda mwathu aja zithunzi ziwiri, cha Okutobala ndi cha Epulo. Anavala magalasi awo, anayang'ana nthawi yaitali, akutembenuza foni uku ndi uku.

"Ndiye kumanzereko, achemwali," anatero, "mukunena kumanzere kwa ine kapena kwa nkhonoyo?"